Ndinaona Choko pa Chitseko Chimodzi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse, amene mumandidziwa ndi amene munangomva mbiri yanga pamsika. Ndine Barnaba Mwale, wa kwa Malengachanzi. Sukulu ndinalekezera Sitandade Sikisi ndipo sindine munthu wa mawu ambiri. Abusa andipempha kuti ndilembe zimene Mulungu anandichitira, ndiye ndikulemba. Ndinadwala mutu. Sindikunena mutu wowawa umene umatha ndi asipirini. Ndikunena misala. Mawuwo ndawalemba ndekha kuti wina asavutike ndi kunong'ona. M'matendawo ndinapitikitsa mkazi wanga Nabanda, amene ndinali nditakhala naye zaka zoposa makumi atatu, ndipo kunatsala pang'ono kuti ndimutaye mpaka kumanda.

Ntchito yanga inali yoyesa mpunga pa msika wa boma wogulira mbewu. Mlimi ankabwera ndi thumba, ine n'kupisa dzanja pakamwa pa thumbalo, kutapa, kuyang'ana, kuluma njere imodzi, n'kutchula giredi. Giredi wani, mtengo wabwino. Giredi thuu, mtengo wotsika. Wonyowa, bwerera nawo ukayanike. Sindinkapisa kawiri. Anzanga ena ankachedwa, kukhuthulira thumba pamphasa ndi kufunsana, ndipo ine ndinkawaona ngati anthu opanda maso. Mzere wanga unkayenda msanga, akuluakulu ankandiyamikira. Masiku amenewo panalibe mlimi woyankha. Munthu wa boma akanena, zatha. Choncho ndinamera imvi ndisanamvepo munthu akundiuza kuti ndalakwitsa, ndipo ndinayesa kuti n'chifukwa chakuti sindilakwitsa.

Kunyumba ndinali chimodzimodzi. Mwana akachedwa, ndadziwa kale kumene anali. Nkhuku ikasowa, ndadziwa kale wakuba. Kufunsa ndinkakuyesa kufooka.

Kenaka dziko linatembenuka. Tinavota, zipani zinachuluka, pakamwa pa anthu panatseguka. Mavenda anayamba kugula mpunga m'midzi momwe, msika wathu unachepetsa antchito, ine ndinali mmodzi wa opumitsidwa. Ndinabwerera kukalima pakati pa anthu omwe ndinkawayesera mpunga. Ndikamadutsa, amuna osoka maukonde pansi pa mtengo ankafuula kuti, "A Giredi Thuu, mwadzuka bwanji?" n'kuseka. Lero ndikudziwa kuti kwa ambiri kunali kucheza chabe, anthu akulawa ufulu wolankhula umene anali asanaulawepo. Ine sindinaseke. Ndinkawerenga nkhope za osekawo.

Tulo tinayamba kundithawa. Sabata zinkatha ndikungogona pang'ono. Wailesi ikanena kuti amene anazunza anzawo kale adzayankha, ndinkamva ngati woulutsayo wanditchula dzina. Sindinauze munthu.

Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinapeza nambala yolembedwa ndi choko pa chitseko changa. Pomwepo ndinadziwa: nyumba yanga yaikidwa chizindikiro kuti itenthedwe. Mvetsani bwino pamenepa. Sindinakhale pansi n'kuganiza. Chinangobwera chathunthu, chosakayikitsa, monga munthu amadziwira kuti moto umawotcha. Nabanda anati, "Ndi alangizi a zaumoyo awo. Akuwerenga nyumba kuti adzagawe mankhwala othira m'madzi akumwa. Alemba ponseponse." Ndinamufunsa kuti wamufunsa ndani. Chitseko cha mnansi wanga chinali pamtunda woti ukhoza kuponyapo mwala. Sindinapite kukachiona. Munthu wodziwa kale sapita kukaona.

Mnansi ameneyo ndi a Saidi, Msilamu, mlimi wa mpunga wa Faya. Chaka china ndinawabwezera matumba awo onse kuti ndi onyowa nditangoluma njere imodzi, ndipo anawakankha panjinga kubwerera nawo kumudzi dzuwa lili pamutu. Sanandinenepo. Chaka chilichonse pa Idi imene Asilamu amapha mbuzi, akazi awo ankabweretsa mbale ya mpunga ndi nyama kwathu, monga amachitira ndi anansi onse, Mkhristu kaya Msilamu. Ndinadya mbale zimenezo zaka zambiri osafunsa kanthu.

Chaka chimenecho Idi inagwa mpunga ukucha, patangopita masabata ochepa chichitikireni za choko. Ndinali pakhonde masana. Ndinaona mai a kwa Saidi akupatsira Nabanda mbale pamwamba pa mpanda. Ananong'onezana, anaseka, ndipo Nabanda anacheukira kumene ndinali. Basi. Kucheuka kumodziko kunandikwanira. Atandiikira chakudyacho ndinamva fungo lachilendo. Zinali zonunkhiritsa zimene anagula kutauni, koma ine ndinamva chiphe. Ndinanyamula mbale n'kuiponya pabwalo. Nkhuku zinathamangira, zinajompha zonse, ndipo palibe inafa. Kodi ndinabwerera m'mbuyo? Ayi. Ndinati nkhukuzo anazikonzeratu kuti zisafe.

Ndinafuula mpaka anthu anasonkhana. Ndinaloza mkazi wanga ndi chala pamaso pa ana ndi akulu, ndi kunena kuti wagwirizana ndi a Saidi kuti andiphe.

Nabanda anayimirira, manja ali pachiuno. "Abambo a Gilesi, zaka zonsezi mwadya za m'manja mwangamu. Ndikanafuna kukuphani ndikanadikira mpaka mano anu athe?"

Anthu anaseka. Kusekako kunatseka mlandu. Ndinalowa m'nyumba, ndinamanga zovala zake m'chitenje, ndinaziponya panja. Nabanda anandiyang'ana nthawi yaitali, anatola mtolo wake, anakakwera matola kupita kwa mlongo wake ku Kanyenda. Ine ndinakhala pakhonde ndikumva ngati munthu amene wapulumuka.

Za masiku otsatirawo ndinena mwachidule, chifukwa sizikundisangalatsa. Ndinakhoma mawindo ndi matabwa. Ndinkadya chinangwa chosaphika chimene ndakumba ndekha, ndi kumwa madzi amene ndatunga ndekha. Chikwanje sichinkachoka m'manja. Ndinayamba kumva mawu ochokera kudenga, amuna awiri akukambirana za ine, wina kunena kuti watuluka, wina kunena kuti musiye, tsiku lake lafika. Mwana wathu Gilesi anabwera kuchokera ku Dwangwa kumene anakwatiwa, ndinamukaniza kulowa. Analira pabwalo n'kubwerera. Mpunga wanga unacha m'munda, mbalame n'kumadya, ine osapitako chifukwa ndinkadziwa kuti akundibisalira m'madzimo.

M'mudzi aliyense anali ndi yankho lake. Ena anati nkhalamba yasuta chamba, poti kuno munthu akangozungulira mutu timathamangira komweko. Ena anati Nabanda anandilodzadi. Ena anati ndi misozi ya alimi. Sindikuwadzudzula. Nawonso anapisa dzanja kamodzi, monga ine.

Kupemphera sindinasiye, koma pemphero langa linali lolamula. Ndinkati, Ambuye, kanthani adani anga. Ndinkamuuza Mulungu maina, ngati kalaliki wanga. Kumwamba kunali zii. M'mawa wina ndinafuna kunyamula ndowa ya madzi ndipo ndinalephera. Ine, amene ndinkakweza thumba la mpunga paphewa ndekha. Ndinakhala pansi pomwepo, ndinaona manja anga atatsala mafupa. Kwa kanthawi kochepa mutu unachita ngati wayera. Ndinapemphera pemphero lalifupi limene ndinali ndisanapempherepo chibadwire. Ndinati, Ambuye, ngati pali chimene sindikuchiona, nditumizireni munthu. Sindinatchule dzina.

Tsiku lachitatu, dzuwa litakwera, ndinamva belu la njinga pabwalo. Ndinasuzumira pa mng'alu. Anali a Saidi, atamanga thumba pakaliyala. Pa anthu onse a m'dziko muno, Mulungu ananditumizira amene ndinkamuopa koposa. Ndinatuluka ndi chikwanje.

Sanandifunse za matenda, sanandifunse za mkazi. Anatsitsa thumba, analimasula, anabwerera m'mbuyo.

"A Mwale, mavenda akufuna kundibera. Akuti mpunga uwu ndi wachabe. M'mudzi muno palibe wina wodziwa mpunga. Tandiyeserani."

Anandidziwa bwino munthuyo. Akanati tiyeni kuchipatala ndikanamutema. Koma dzanja langa linapita lokha. Ndinatapa. Munali mankhusu, njere zosweka, zitosi za mbalame.

"Giredi thuu sukufikanso. Kadyetseni nkhuku."

"Mwatsimikiza?"

"Ine sindipisa kawiri."

A Saidi anagwira thumbalo kumatako n'kulikhuthulira pamphasa imene inali pakhonde. Zinyalala zinali zapamwamba pokha, zosakwana mbale ziwiri. Pansi ponse panali Faya woyera, wautali, wouma bwino, wonunkhira mpaka pamene ndinaima. M'zaka zanga zonse za pamsika mpunga wotero ndikanaupatsa giredi wani osaphethira.

"Mwandinyenga," ndinatero.

"Eya, ndakunyengani. Zosesa za pabwalo ndaika pamwamba dala. Koma mukanapisa mpaka pachigongono simukananyengeka. Ndipo mpungawu si wanga. Ndi wanu. Tamweta ndi ana anga mbalame zisanamalize. Matumba ena ali kwathu, mudzatenge mukafuna."

Iwo analoza chitseko changa, pamene nambala ija inali ikuonekabe.

"Choko ichi munachiona. Zitseko munaona zingati?"

Anatembenukira kunjira n'kupitiriza.

"Tiyeni tikaone. Ine ndikhala patsogolo, inu pambuyo ndi chikwanje chanucho. Mukaona chokayikitsa, msana wanga ndi uwu. Walahi, sindithawa. Miyendo yake iti?"

Tinayenda. Nkhalamba ziwiri, wina patsogolo ndi chisoti chake choyera, wina pambuyo ndi chikwanje, mudzi wonse ukuonerera uli chete. Pa chitseko cha a Saidi panali nambala yotsatana ndi yanga. Pa nyumba ya mayi wamasiye panali nambala. Kwa aphunzitsi, kwa a Shehe, kwa abusa, ngakhale pa kanyumba kogulitsira kachasu. Ena anali atafufuta, koma choko chinkaonekabe.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinachira pomwepo. Likanakhala bodza, ndipo ine sindinama m'nyumba ya Mulungu. Mutu wanga unapeza yankho msanga monga mwa nthawi zonse: alemba ponseponse kuti andipusitse. Ndinawauza a Saidi zimenezo. Iwo anati, "Kapena. Kapenanso ayi. Tsopano zilipo ziwiri." Mawuwo anandikhala. Kwa miyezi yambiri chinthu chilichonse chinali ndi tanthauzo limodzi lokha. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba, zinalipo ziwiri.

Kenaka anandifunsa kuti ndinagona liti tulo tenitenti. Ndinati sindikukumbukira. Anati, "Za adani tizisiye kaye. Msilikali wosagona samenya nkhondo. Tiyeni akakupatseni a tulo." Ndinavomera chifukwa cha tulo tokha. Chikwanje ndinasiya pansi pa mtengo. Anandikweza pakaliyala pamene panali thumba paja, ndipo anapalasa mpaka kuchipatala, akupuma katatu panjira.

Ndinkaopa kuti andimanga n'kunditumiza kuchipatala cha amisala ku Zomba. Sizinatero. Dokotala amene anandiona anali wamng'ono kuposa mwana wanga, ndipo ndinamuderera nditangomuona. Pamenepanso ndinalakwitsa. Anandimvera mpaka ndinamaliza, osaseka. Anandibaya jakisoni, anandigoneka masiku angapo, anandipatsa mapiritsi. Ndinagona ngati mwala. Mankhwalawo anali olemera, ankandiumitsa khosi ndi kundinjenjemeretsa manja mpaka anawasintha mlingo. Mawu a kudenga anayamba kutalikira, kenaka anatha. Kudziwa kuja kunatsalira. Sikunachoke tsiku limodzi. Kunaphwa pang'onopang'ono ngati chotupa.

Nditayamba kumva bwino dokotalayo anandifotokozera, ndipo ndilemba monga ndinamvera. Anati awa ndi matenda a ubongo, monga pali matenda a mapapo, ndipo akhoza kugwira aliyense. Anati ambiri odwala matendawa amakhala ndi chinthu chimodzi chofanana: amaona pang'ono n'kutsimikiza kwambiri, ndipo akatsimikiza umboni wina sulowanso. Ndinamufunsa ngati kufulumira kwanga ndi kumene kunandidwalitsa. Anati sanganene choncho, chifukwa ofulumira kuweruza ndi ambiri ndipo si onse amadwala. Koma anati matendawo atafika anapeza njira yolambula kale. Ananditsanzika ndi malamulo awiri. Loyamba, osasiya mapiritsi ngakhale ndikumva bwino. Lachiwiri, chinthu chikandibwerera chathunthu, chosakayikitsa, makamaka chonena kuti wina akundifunira zoipa, ndisachite kanthu kufikira nditapeza matanthauzo ena awiri ndi kufunsa munthu mmodzi.

Mutu utayera, manyazi ndiye anafika. Ndinabwerera m'nyumba yokhoma matabwa, ndinaona mtondo wa Nabanda uli pambali, ndipo ndinakumbukira mawu aliwonse amene ndinanena pabwalo paja. Kunena mkazi kuti akuthira chiphe n'chimodzimodzi kumutcha mfiti. Ku Kanyenda mbiriyo inali itamutsogolera. Ndinamva kuti akapita kuchitsime amai ena ankasuntha ndowa zawo.

Ndinatuma ankhoswe ndi nkhuku yopepesera. Alamu anga a Banda anabweza nkhukuyo. Anati amene anaponya mtolo abwere yekha ndi miyendo yake. Ndinakhala sabata ziwiri ndikulimbana ndi mawu amenewo. Ine ndinali ndisanapepesepo munthu. Ndinapita.

Ndinafika masana. Nabanda anali pakhonde akusenda chinangwa. Anakweza maso, anandiona, anadzuka, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Abale, chinabwera chathunthu monga kale: wakukana, zatha, bwerera. Miyendo inali itatembenuka kale. Pamenepo ndinakumbukira lamulo lachiwiri. Ndinaima pabwalopo ngati chitsiru ndikuwerenga zala. Mwina wandikana. Mwina wachita mantha, poti anandisiya ndili wolusa. Mwina wapita kukaitana mlongo wake. Panalibe woti ndimufunse, ndiye ndinafunsa Mulungu, ndipo ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Ndinadikira. Sindikudziwa kuti inali nthawi yaitali bwanji. Kwa ine zinali ngati chaka.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka atasintha chitenje, atamanga duku, maso ali ofiira, mpando uli m'manja. Pa matanthauzo anga atatu panalibe lolondola. Anakalira kaye, n'kusamba kumaso, chifukwa sanafune kuti ndimuone akulira.

Anaika mpando. "Khalani apa. Mwaonda ngati nsomba yoyanika."

Sindinakhale pampandopo. Ndinagwada, ine Mwale, pamaso pa alamu anga ndi ana amene anasonkhana, ndipo ndinanena kuti ndinamunamizira. Alamu anga anati, "Munamuyalutsa pagulu. Mukamuyeretse pagulu, kuno ndi kwanu komwe." Nabanda anawonjezera chake. Anati abwera akafuna iye, osati ndikafuna ine, ndipo akabwera mapiritsi azisunga ndi iye.

Lamulungu lotsatira ndinaimirira m'tchalitchi cha ku Kanyenda. Linalo ndinaimirira muno, ena mwa inu munalipo. Ndinapitanso pabwalo la a Saidi Lachisanu atachokera ku mzikiti, ndi kunena mawu omwewo kwa iwo ndi akazi awo. A Saidi anangoti, "Alihamudulila. Tsopano mudzatenge matumba anu, akutidzazira nyumba." Nabanda anandidikiritsa mwezi wathunthu. Tsiku lililonse la mwezi umenewo mutu unkandiuza kuti sabwera, ndipo tsiku lililonse ndinkauyankha kuti sukudziwa. Anabwera Loweruka lina m'mawa, osatumiza uthenga. Anayang'ana m'nyumba n'kunena kuti ndazula matabwa koma misomali ndasiya.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe mapemphero anga aatali aja. Akanayankha, bwenzi atakantha anthu osalakwa. Anayankha lalifupi lija. Ndikuthokoza a Saidi, amene anapereka msana wawo kwa munthu wa chikwanje. Sitipemphera m'nyumba imodzi, koma ndikudziwa amene anawatuma. Ndikuthokoza dokotala uja. Matendawa sanatheretu. Anayesa kubweranso kamodzi pamene ndinaleka kugona bwino, koma tinawazindikira msanga ndipo tinathamangira kuchipatala.

Tsopano mawu anga kwa inu. Ngati muli ndi m'bale amene wasiya kugona, amene akuona adani paliponse, amene akumva zimene inu simukumva, musathamangire kunena kuti ndi chamba kapena ufiti. Musamuseke, ndipo musakangane naye, chifukwa simungamupose. Khalani naye pafupi, mupempherereni, ndipo mupite naye kuchipatala. Pemphero ndi mapiritsi sizidana. Ngati muli inu amene munanenedwa zoipa ndi wodwala, monga ananenedwa mkazi wanga, sindikukulamulani kukhululuka. Ndikungoti amene analankhula uja mwina adzachira, ndipo adzafuna poti agwade. Ndipo ngati ndinu munthu ngati ine, wodziwa zonse msanga, opani tsiku limene simukukayika chilichonse. Limbani mtima, musataye m'bale wanu. Ine anthu anali atandiwerengera kale kumanda kapena ku unyolo, koma lero ndikulima.

M'mawa uliwonse Nabanda amamasula kansalu kamene amasungamo mapiritsi, amaika limodzi m'dzanja langa, n'kundipatsa madzi. Sindiyang'ana, sindinunkhiza. Ndimameza. Dzina la Ambuye lilemekezeke.